Petulo akuchucha, mageji akunama: kusaka vuto pa injini ya boti

Chaka chilichonse kukangoyamba kufunda, cha mu September, foni yanga sipuma. Maboti amene akhala phee m'magalaja ndi pansi pa malona kuyambira May amatulutsidwa, eni ake akufuna kukacheza ku Vaal Dam kapena ku Hartbeespoort, madamu a kuno ku South Africa, Loweruka likudzalo, ndipo amene amapatsidwa ntchito yotsuka ndi kuliza injini nthawi zambiri ndi ife a ku Malawi: wa m'munda, dalaivala, mlonda. Abwana akamva kuti kwanu ndi ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay amati za maboti mumazidziwa. Ambiri timazidziwadi, koma injini ya 15 kapena ya 40 horsepower yokoka ndi chingwe imene tinakula nayo ilibe mageji, ilibe thanki yokwiriridwa pansi pa boti, ilibe mtolo wa mawaya kuseri kwa chiwongolero. Ndiye madandaulo ake amakhala awiri omwewo chaka ndi chaka. "Achimwene, galaja yonse ikununkha petulo." Kapena, "Geji ikuti thanki yadzaza, chonsecho tathira malita 10 okha."

Ine ndinaphunzira injini pa mchenga wa kwathu, pa ma Yamaha Enduro a asodzi a usipa, ndipo tsopano ndatha zaka ndikukonza maboti kumwera kwa Johannesburg kuno. Chimene chimandiwawa ndi ndalama zimene zimathera pa kugula zipangizo mongoganizira. Munthu wagula geji yatsopano pomwe vuto lili pa waya wa ethi, wobwezera moto ku batire. Wina wagula kabureta yathunthu pomwe chang'ambika ndi kamphete ka mphira kochepa ngati khobidi. Petulo ali ndi njira yake kuchoka mu thanki kukafika mu injini. Magetsi nawo ali ndi njira yawo kuchoka pa batire, kukafika pa geji, n'kubwerera. Mukaitsata njirayo phazi ndi phazi osadumpha, vuto mulipeza. Koma pali chimodzi chimene sindisintha: petulo ayambe wakonzedwa, mawaya abwere pambuyo.

Fungo lisanathe musakhudze waya

Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Siuluka n'kuchoka ngati utsi, imatsika n'kukagona pansi penipeni pa boti, pomwe pamakhala batire ndi pampu yotulutsa madzi. Chaka chatha m'bale wina wa ku Makanjira anandiitana ku nyumba imene amagwira ntchito cha ku Alberton. Nditatsegula chitseko chaching'ono cha galaja fungo linandiwaza m'maso. Boti linali lofunda lona, pambali pake firiji yayikulu ikulira, ndipo iye anali atagwira kale zopanira za tchaja kuti alumikize ku batire, poti mageji sankayenda ndiye amati batire lafooka. Ndinamugwira dzanja. Tinakweza chitseko chachikulu ndi manja osati ndi rimoti, tinakankha ngolo mpaka panja, tinavundukula lona ndi zitseko zonse za pansi pa boti. Kumbuyo, pansi pa batire, panali chithaphwi cha petulo chokwana kapu imodzi. Moto wa pa chopanira chimodzi ukanathetheka, tikanakamba zina.

Choncho boti likhale panja, pamphepo. Fodya, foni yoyatsira tochi, getsi la m'manja la chingwe, zonse zikhale kutali. Pukutani petulo ndi nsanza, nsanzazo mukaziyanike patali. Dikirani mpaka mutaweramira pansi pa boti osamva fungo, kenako masulani waya wa negative pa batire. Musamasule fungo likadalipo chifukwa pomasulapo pomwepo moto umatha kuthetheka. Chozimira moto chikhale pofikira dzanja. Malamulo a SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha maboti kuno, amafuna kale kuti chikhale m'boti, ndiye ngati mulibe kapena chinatha mphamvu, auzeni eni boti tsiku lomwelo.

Mpira wopopera umanena zoona

Pakati pa thanki ndi injini pali mpira uja timafinya tisanalize. Ndi chida choyesera chabwino kuposa zonse zimene mungagule. Tsegulani kapumiro ka pa chitsekero cha thanki, imikani mpirawo kuti muvi wake uloze m'mwamba komanso cha ku injini, finyani mpaka ulimbe, ndiye gwiritsani osasiya kwa mphindi imodzi.

Ukalimba n'kukhalabe gwa, njira yonse kuchoka pa mpira mpaka mu kabureta ndi yotseka bwino, kudontha kuli kumbuyo, cha ku thanki. Ukalimba kenako n'kumafewa pang'onopang'ono m'dzanja, petulo akuthawira penapake kutsogolo, ndipo uzani mnzanu agwire mpira inu mukuyang'ana. Ukakana kulimba ngakhale mufinye maulendo makumi awiri, mwina timavalavu ta mkati mwa mpirawo tatha, mwina ukukoka mpweya m'malo mwa petulo, kapena kabureta ikusefukira. Ndipo ukaphwatalala wokha injini ikuyenda, osabwerera, ndiye kuti petulo watsekeredwa kumbuyo: kapumiro katsekedwa, kasefa ka pansi pa thanki katsekeka, kapena valavu ya potulukira thanki yamata.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachizindikira msanga. Bowo limodzi lomwelo limadwalitsa matenda awiri. Injini ikamayenda, pampu imakoka, ndiye pa bowopo sipatuluka petulo, pamalowa mpweya. Boti limayenda bwino pang'onopang'ono, mukaponda moto injini imatsamwa n'kufuna kuzima, mukafinya mpira imatsitsimuka. Mukaliimika padzuwa, thanki imatentha n'kufufuma, ndiye bowo lomwe lija limayamba kutulutsa petulo. Munthu amaganiza kuti ali ndi mavuto awiri, lina la pamadzi lina la pabwalo, pomwe ndi kilampu imodzi yolefuka. Mukafuna umboni, ikani kachidutswa ka payipi yoonekera mkati pafupi ndi injini, ilizeni, muyang'ane. Tithovu tikamadutsa mondondozana, mpweya ukulowa. Kenako sunthani kachidutswako kubwerera cha ku thanki, polumikiza ndi polumikiza, mpaka mupeze pamene tithovu tayambira. Mukamaliza kachotseni, si payipi yokhalitsa.

Payipi yeniyeniyo iyeseni ndi zala. Ipindeni pafupi ndi kilampu: mukaona timing'alu ngati ta chidendene cha m'chilimwe, yatha. Ikhuleni ndi chala: chikada bii, mphira wayamba kusungunuka. Dzuwa la kuno ndi loopsa pa mphira, ndiye nkuphatikizapo chisanu cha June ndi July chimene chimaumitsa chilichonse. Mapayipi ena otuwa ali ndi kachikopa mkati kamene kamasupuka n'kutseka njira kunja kukuoneka bwinobwino. Dulani kachidutswa muyang'ane m'kati. Pogula yatsopano werengani zolembedwa pa payipi pomwepo: ya maboti imalembedwa SAE J1527 kapena ISO 7840. Kukula kwake kukhale kofanana ndi yakale, nthawi zambiri mamilimita 8 pa injini zazing'ono ndi 10 pa zazikulu. Payipi ya mamilimita 10 pa mlomo wa 8 siigwira ngakhale mumange kilampu mpaka kudula mphira.

Malo amene ndimapezapo kudontha kawirikawiri kuposa ena onse ndi cholumikizira chija chimati kwapu polowa ku injini kapena ku thanki. Mkati mwake muli O-ring, kamphete ka mphira, ndi kanthu konga kanjere kotsekera. O-ring ikauma, petulo amalenga dontho pansi pa cholumikizira. Chigwedezeni uku mpira uli wolimba, chikanyowa sinthani. Zolumikizira za Yamaha, Mercury, Suzuki ndi Johnson zimaoneka ngati zofanana koma sizilowana bwino, musakakamize.

Kudontha kwina n'kochepa kwambiri moti petulo amauma asanagwe, mumangomva fungo basi. Pamenepo ndimapukuta polumikiza ponse mpaka pawume, n'kuwazapo ufa woyera pang'ono, womwewu wa nsima. Ndimafinya mpira n'kukhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita mphindi ziwiri zitatu, pamene pakudontha ufa umada n'kumata, kwina konse uli mbuu. Pa injini yosakaniza petulo ndi oyilo mumathandizidwanso ndi fumbi: petulo amauluka, oyilo amatsala, fumbi n'kumatapo, ndiye malo akuda onona amakulozerani okha.

Musamate ndi silikoni. Petulo amaisungunula, zidutswa zake n'kukatseka kabureta. Tepi yoyera ya mapulambala nayonso imanyotsoka n'kulowa m'njira. Pa mazinga gwiritsani ntchito phala lomatira lolembedwa kuti limapirira petulo, ndipo makilampu akhale osachita dzimbiri.

Pansi pa chipewa cha injini

Chotsani chipewa, mnzanu afinye mpira, inu muyang'ane ndi maso ndi mphuno. Yambani ndi kasefa ka petulo. Kakapu kake kamamangidwa ndi dzanja ndipo kali ndi O-ring yake, imene anthu amaiwala kubwezera akatsuka, kapena amaipana molakwika. Yang'ananinso ngati kakapuko kang'aluka.

Petulo akamatuluka pakamwa pa kabureta pamene mukufinya, ndiye kuti singano ya float sikutseka. M'mbale ya kabureta muli float imene imakwera petulo akadzaza n'kukankha singano kuti itseke, monga zimakhalira mu thanki ya chimbudzi chamadzi. Boti likakhala miyezi inayi, petulo wa m'mbalemo amauma n'kusiya utomoni wachikasu wonunkha ngati vanishi, ndipo utomoniwo umagwira singano. Gogodani mbaleyo pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Nthawi zina singano imamasuka n'kutseka, koma muziti mwangopeza mpata wofikira kumtunda, kabureta ikufunabe kumasulidwa. Mukaimasula yang'anani nsonga ya singano: ikakhala ndi mzere wozungulira ngati yavala mphete, sinthani pamodzi ndi pokhalira pake. Float igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzi mkati yaboola. Msinkhu wa float uli ndi muyeso wake m'buku la injiniyo, musaupinde ndi maso. Gasiketi ya mbale ikhale yatsopano.

Pansi pa mbale pali kabawuti kokhetsera. Khetserani mu botolo lagalasi, muliimike. Madzi akakhalamo amatsika pansi n'kupanga mzere woonekeratu. Mvula yamabingu ya kuno imagwa mwamphamvu masana, ndipo chitsekero cha thanki chikakhala ndi mphira wotha, madzi amalowa.

Pampu ya petulo ndiyo imabisa kudontha kwake, chifukwa imadonthera mkati. Muli kachikopa kopyapyala kotchedwa diaphragm. Pa injini ya two-stroke kachikopako kamayendetsedwa ndi kupuma kwa injini kudzera pa kabowo ka kuseri kwa pampu. Kakang'ambika, petulo amadutsa pa kabowoko n'kulowa mu silinda imodzi. Injini imagwedezeka ikamalira pang'onopang'ono, imafuka utsi wambiri, imamwa petulo modabwitsa, ndipo pulagi imodzi imatuluka yonyowa zinzake zili zouma. Kuyesa kwake n'kosavuta: masulani mabawuti ogwira pampu ku injini, mapayipi muwasiye, finyani mpira. Petulo akatuluka pa kabowo ka kuseri, mwaligwira. Pa four-stroke petuloyo amatsikira mu oyilo. Mukasolola kayezera n'kupeza oyilo wakwera kuposa pamene munathira, wapyapyala, akununkha petulo, musailizenso mpaka mutakonza pampu ndi kusintha oyilo. Ndipo ngati injiniyo ndi ya injection, yopanda kabureta, mbali ya ku ma injector, timilomo tofaira petulo, imakhala ndi mphamvu ya pakati pa 2.5 ndi 3 bar pa injini zambiri ngakhale itazima. Payipi ya kumeneko simasulidwa mwachisawawa, petulo amakuthirani kumaso.

Pali kudontha kwina kumene si matenda kwenikweni. Mukapendeketsa injini m'mwamba pa ngolo n'kuyenda pa R59 kupita ku Vereeniging, petulo wa m'mbale za kabureta amakhavukira m'chipewa. Thanki yonyamula m'manja ikakhala padzuwa yotseka kapumiro, payipi ili yolumikiza, imafufuma n'kukankha petulo mpaka kugonjetsa singano. Mankhwala ake ndi chizolowezi: mukatuluka m'madzi chotsani payipi ku injini, thanki isadzazidwe mpaka pakamwa, ndipo ikhale pamthunzi. Injini ya kabureta imodzi mutha kuisiya ilire mpaka izime yokha. Ya makabureta angapo yosakaniza oyilo musatero, chifukwa silinda ina imayamba kuuma zina zikuthamangabe. Imeneyo khetsani ndi timabawuti. Ndipo musalize injini pamtunda popanda kuimangira payipi ya madzi ku mwendo, impeller, kagudumu ka mphira kokoka madzi oziziritsa injini, imapsa mphindi isanathe.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi kukwera kwa dziko lino. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 kuchoka pa nyanja yamchere, Vaal Dam pafupifupi 1,500, pomwe nyanja ya kwathu siifika ngakhale 500. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndiye injini ya kabureta yochokera ku Durban, ku nyanja yamchere, imalandira petulo wochuluka poyerekeza ndi mpweya. Mapulagi onse amada mofanana ndipo utsi umanunkha petulo wosapsa. Uko si kudontha, ndi nkhani ya majeti, timabowo toyeza petulo mu kabureta.

Pamene petulo ndi waya zimakumana

Maboti akuluakulu ali ndi thanki pansi pa poponda. Pamwamba pa thankiyo pali kambale kozungulira ka mabawuti asanu, ndipo pakati pake patuluka waya. Imeneyo ndi sender, imene imauza geji kuchuluka kwa petulo. Fungo likamabwera pokhapokha mwadzaza thanki, n'kutha petulo akatsika, kaikirani gasiketi ya pansi pa kambaleko, kapena payipi yayikulu yothirira, kapena yaing'ono yopumira. Mabowo asanuwo sanatalikirane mofanana, kambale ndi gasiketi zimalowa mbali imodzi yokha. Ndaonapo gasiketi itaboolidwa ndi msomali kuti ilowe mokakamiza, ndipo inkadontha kuyambira tsiku lomwelo. Mangani mabawuti modumphitsa, pang'onopang'ono. Thanki ya aluminiyamu imene yakhala pa thabwa lonyowa imadyeka pansi n'kuboola timabowo tonga ta singano. Imeneyo siimatidwa ndipo siwotcheredwa pabwalo la nyumba, imachotsedwa.

Fungo likatheratu, boti litagona usiku wonse n'kudzuka louma, bwezerani batire. Tsopano tikhoza kukamba za mawaya.

Kuseri kwa mageji

Gonani chagada pansi pa chiwongolero, jambulani ndi foni mawaya onse musanachotse ngakhale mmodzi. Geji wamba ili ndi timabawuti tolembedwa zilembo: I ndi polowera moto kiyi akatsegulidwa, G ndi ethi, S ndi waya wochokera ku sender, ndipo pali kena ka getsi lounikira. Moto ndi ethi nthawi zambiri zimadumpha kuchoka pa geji ina kupita pa inzake ngati unyolo. Izi zikukuuzani kale poyambira. Mageji onse akafa pamodzi, musaganize kuti onse apsa tsiku limodzi: onani fyuzi ya pa injini, kiyi, ndi pulagi yayikulu ya mtolo wa mawaya. Akafa atatu omalizira awiri oyamba ali moyo, unyolo waduka pakati pa wachiwiri ndi wachitatu.

Tengani mita. Batire lodzaza lopuma limaonetsa 12.6 volts. Kiyi ali wotsegula, pakati pa I ndi G pa geji payenera kuoneka pafupifupi chimodzimodzi. Mukapeza 10 kapena 9, mphamvu ikutayika panjira. Kuti mudziwe mbali yake, lumikizani waya wautali ku negative ya batire, muyeze pakati pa wayayo ndi G magetsi ounikira ali oyaka. Payenera kuoneka pafupifupi ziro. Mukaona theka la volt kapena kuposa, ethi yawola.

Ndikanena zoona, pa maboti khumi obwera ndi vuto la mageji, ambiri ndimawapeza ndi ethi. Chizindikiro chake n'chodziwika: mukayatsa magetsi ausiku kapena kuliza hutala, masingano onse amasuntha. Moto wasowa njira yobwerera ndiye ukudutsira m'mageji. Boti si galimoto, thupi lake silinyamula ethi, waya wakuda ayenera kuyenda ulendo wonse mpaka ku batire. Kokani waya aliyense pang'ono pomwe wapanidwa. Sendani chikopa: mkuwa wabwino umawala, wowola umakhala wakuda kapena wobiriwira ndipo umafumbutuka. Dulani mpaka mufike powala. Gulani waya wa maboti wokutidwa ndi tini, mupane ndi zopanira zokhala ndi chikopa chofota ndi kutentha. Kupotokola mawaya awiri ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira mwezi umodzi. Yang'ananinso ntchito ya makoswe, amakonda kumanga m'maboti nthawi yozizira.

Mitundu ya mawaya isakupusitseni. Pa Mercury, Johnson, Evinrude ndi maboti otsata dongosolo la ku America, wofiirira ngati biringanya ndiye moto wa kiyi, wotuwa ndi wa rev counter (geji yoonetsa kuzungulira kwa injini), wapinki ndi wa sender ya petulo, wabuluu wakuda ndi wa magetsi ounikira, ndipo ethi ndi wakuda, nthawi zina wachikasu. Pa Yamaha wachikasu ndiye moto wa kiyi, wobiriwira ndi wa rev counter, wapinki ndi wa trim (geji yoonetsa kupendekeka kwa injini). Ndiye taganizani boti limene linabadwa ndi Mercury kenako linavekedwa Yamaha, monga ambiri ogulidwa kwa anthu kuno. Wina amaona wachikasu n'kuuyesa ethi, fyuzi n'kuphulika. Wina amalumikiza pinki kwa pinki, geji ya petulo n'kumakwera ndi kutsika akamapendeketsa injini. Khulupirirani mita, osati mtundu.

Geji ya petulo

Pali mitundu iwiri ya sender imene imapezeka m'masitolo a kuno, ndipo imayenda mosemphana. Ya dongosolo la ku America imaonetsa 240 ohms thanki ikakhala yopanda kanthu ndi 33 ohms ikadzaza. Ya ku Ulaya imayambira pa 10 ohms kapena ziro ikakhala yopanda kanthu n'kukafika pa 180 kapena 190 ikadzaza. Mukaphatikiza geji ya mtundu wina ndi sender ya mtundu wina, singano imayenda chobwerera: mukuthira petulo iyo ikutsika. Palibe chapsa, zangokwatitsidwa molakwika.

Yesani geji payokha kaye, ndipo yeserani kuseri kwa geji, osati pamwamba pa thanki. Chotsani waya wa pa S, tsegulani kiyi. Geji ya ku America singano imagwa pansi pa E. Gunditsani S ku G ndi kawaya kwa kamphindi, singano ilumphe kupitirira F. Ya ku Ulaya imachita mosemphanitsa. Ikayenda mbali zonse ziwiri, geji ili bwino, musagule ina. Tsopano zimitsani kiyi, ikani mita pa ohms, muyeze pakati pa waya mwachotsa uja ndi ethi. Thanki ya theka pa sender ya ku America imaonetsa cha m'ma 100. Mita ikaonetsa kuti njira ndi yoduka, pitani ku thanki mukayeze pa sender penipeni. Pakakhala bwino pamenepo, waduka ndi waya wa panjira kapena ethi ya pa kambale. Kumbukirani kuti pa thanki ya pulasitiki kambale kayenera kukhala ndi waya wakewake wa ethi. Mita ikaonetsa ziro, waya wasupuka penapake n'kugunda ethi, n'chifukwa chake geji ya ku America imangokhala pa F.

Manambala akamadumphadumpha, chotsani sender, batire lili lomasula, muiyendetse ndi dzanja kutali ndi thanki uku mukuyang'ana mita. Ayenera kusintha mosalala. Pamene akudumpha ndi pamene padyeka. Float yake ikamwa petulo imamira, geji n'kumangoti E. Ngakhale zonse zili bwino, geji ya boti imasintha ndi kupendekeka kwa boti, ndiye iwerengeni boti litakhazikika.

Rev counter, trim ndi ya liwiro

Rev counter ya injini zambiri za kabureta imawerenga kugunda kwa magetsi ochokera ku stator, makoyilo opanga magetsi mu injini, kudzera pa rectifier, kachida kosandutsa magetsiwo kuti adyetse batire. Ikafa mwadzidzidzi kapena ikamavina, musathamangire kugula. Yezani batire injini ikuzungulira maulendo pafupifupi 2,000 pa mphindi: liyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Likangokhala pa 12 n'kumatsika, rectifier yapsa, ndipo rev counter yangokuchenjezani kuti batire silikudya. Chimene chimapsereza rectifier nthawi zambiri ndi mitu ya batire yolefuka, kuchotsa waya injini ikulira, kapena kusemphanitsa mawaya ngakhale kwa kamphindi. Timanati ta mapiko tomanga ndi zala tichotseni, muike manati omanga ndi sipanala. Mukapanda kutero, rectifier yatsopano idzapsanso.

Ikamayenda koma n'kumaonetsa theka kapena kuwirikiza, onani kabatani ka kuseri. Kamasankha chiwerengero cha ma pole a stator. Ma Mercury ndi ma Johnson ambiri ali ndi 12, ndipo kabatani kamakhala pa 6P. Katembenuzeni uku ndi uku kangapo kuti kachotse dzimbiri, kenako mukabwezere pake. Geji imeneyi ndi yofunika kuno kuposa kunyanja, chifukwa injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 alionse pa mamita 300 alionse okwera. Pa Vaal ndiye kuti pafupifupi 15 pa 100 yapita, ndipo popanda rev counter yonena zoona simungadziwe ngati propela ikulemetsa injini.

Geji ya trim ili ndi sender yake pa chomangira injini, kamkono ka sipuling'i kamene kamamata ndi matope. Katsukeni, kayendetseni ndi chala. Mawaya ake amapindika nthawi iliyonse injini ikakwera, ndiye amadukira mkati mwa chikopa. Geji ya trim ya kampani ina siyenda ndi sender ya kampani ina.

Ya liwiro, pa maboti ambiri akale, ilibe waya wa sender. Imayenda ndi kapayipi kochokera pa kabowo ka pa mwendo wa injini. Ku Hartbeespoort, kumene namasupuni wadzaza ngati pa Shire, kabowoko kamatsekeka kawirikawiri, ndipo kamatsegulidwa ndi kawaya kopyapyala. Kapayipiko kakavuka kuseri kwa geji, kamathira madzi pa mawaya onse boti likamathamanga. Mukapeza dzimbiri lobiriwira pa mageji oyandikana nayo, yambani mwaona pamenepo.

Kwa amene mukutumiza injini kumudzi

Ambiri mumagula injini yogwirapo kale ntchito kuno kuti ikagwire usodzi ku Monkey Bay, ku Senga Bay kapena ku Chintheche. Musanaipereke kwa onyamula katundu, khetsani petulo yense m'kabureta ndi m'kasefa, thanki muisiye yotsegula mpaka iume, chifukwa katunduyo akayenda masiku angapo padzuwa pamodzi ndi zovala ndi zakudya za anthu ena. Ya four-stroke chotsaninso oyilo ndipo igonekedwe mbali imene buku lake lanena. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ethanol amadya mphira wakale komanso amakoka madzi. Injini imene sinkadontha pa Vaal ikhoza kuyamba kudontha itangotha miyezi iwiri ku Mangochi. Sinthiranitu payipi ndi mpira wopopera muli kuno, ndipo m'bokosi momwemo muikemo diaphragm ya pampu, singano ya float, gasiketi ya mbale ndi ma O-ring awiri atatu m'kapepala kolembedwa dzina la injini ndi nambala yake, kuti makanika wa kunyanja asadzavutike kufunsa.